Kuzindikira Kukondera m'Nkhani: Atolankhani ndi Mlandu wa Ansembe Ogwiririra Ana

Aphunzitsi anzanga, m'gawo lino titenga nkhani imodzi yolemera n'kuphunzirapo momwe tingazindikirire kukondera m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa kanema. Nkhani yake ndi ya ansembe a Mpingo wa Katolika omwe adagwiririra ana, komanso ya akuluakulu a mpingowo omwe adadziwa koma n'kubisa. Idaphulikira ku America, kenaka ku Ireland, Germany, Australia, Chile ndi France. Kuno idatipeza kudzera pa wailesi ya BBC ndi m'nyuzipepala zathu, zomwe nkhani zakunja zimangotenga kwa a Reuters kapena a Associated Press.

Ena mwa inu ndinu Akatolika. Ena mudaphunzira pa mishoni, ena mukuphunzitsa pa sukulu ya parishi panopa. Aliponso a mipingo ina omwe mwina nkhaniyi imawakomerako m'khutu. Nonsenu ndikupemphani kuti musiyanitse mafunso awiri amene anthu amakonda kuwasakaniza. Loyamba n'lakuti: kodi zomwe zalembedwazi n'zoona? Lachiwiri n'lakuti: kodi zalembedwa mwachilungamo? Nkhani ikhoza kukhala yoona mawu ndi mawu koma yokondera, kaamba ka zomwe yasiya, malo omwe yaikidwa, kapena chithunzi chomwe aikapo. Komanso munthu akhoza kufuula kuti "akundikondera!" pofuna kungothawa funso loyamba lija.

Zomwe sizikutsutsidwa

Pa 6 Januwale 2002 nyuzipepala ya Boston Globe idatulutsa nkhani ya wansembe John Geoghan, yemwe anthu oposa 130 adati adawagwiririra ali ana. Sikuti dzina lake lidali lachilendo ayi. Mtolankhani Kristen Lombardi adali atalemba kale za iye mu 2001 m'nyuzipepala ya Boston Phoenix. Chomwe gulu la Spotlight la ku Globe lidaonetsa ndi zikalata ndi chakuti Kadinala Bernard Law adadziwa za Geoghan kuyambira mu 1984, koma adamutumizabe ku parishi ina komwe kudali ana ena. Zikalatazo zidali zotsekeredwa ndi khoti, ndipo nyuzipepalayo idachita kukasuma kuti zitsekulidwe. Pofika Disembala chaka chomwecho Law adatula pansi udindo.

Maepiskopi a ku America adapempha sukulu ya ukachenjede ya John Jay ku New York kuti iwerengetse. Lipoti lake la 2004 lidapeza kuti pakati pa 1950 ndi 2002 ansembe ndi madikoni 4,392 adanenezedwa ndi anthu 10,667. Amenewa adali pafupifupi 4 mwa atsogoleri 100 alionse. Ku Germany kafukufuku wa 2018 adapeza atsogoleri 1,670 ndi ana 3,677. Ku Australia bungwe lofufuza la boma lidati ansembe 7 mwa 100 alionse omwe adatumikira pakati pa 1950 ndi 2010 adanenezedwa. Taonani kuti ziwerengero ziwiri zoyambazo zidachokera m'mafayilo a mpingo womwewo, kafukufuku wake atalamula maepiskopi okha. Choncho yemwe angakuuzeni kuti nkhani yonseyi adapeka ndi atolankhani odana ndi mpingo, ameneyo sadawerenge zomwe mpingo wake udavomereza.

Kukondera kokhala chete

Tikamati kukondera, ambirife timaganiza za nyuzipepala yomwe ikukalipira munthu mopitirira. Koma kukondera kwakukulu pa nkhaniyi, m'kuona kwanga, kudali kwa zaka zomwe atolankhani sankalemba n'komwe.

Mu 1985 wansembe Gilbert Gauthe wa ku Louisiana adavomera m'khoti kuti adagwiririra ana ambiri, ndipo adamugamula zaka 20. Mtolankhani Jason Berry adafufuza momwe dayosizi idamusamutsirasamutsira, koma nkhani zake zidatuluka m'kanyuzipepala kakang'ono ka kwawoko ndi mu National Catholic Reporter, nyuzipepala yolembedwa ndi Akatolika eni ake. Chaka chomwecho wansembe Thomas Doyle ndi anzake awiri adalembera maepiskopi lipoti lowachenjeza kuti vutoli n'lalikulu. Kuchoka pamenepo kufika 2002 padadutsa zaka 17. Nkhani zinkatuluka ndithu, monga ya James Porter mu 1992, koma zinkalembedwa ngati za munthu mmodzi woipa, osati za dongosolo lobisa. Ngakhale Globe yomwe timaitamayi, mu 1993 idalandira kwa loya wina nkhani ya ansembe 20 onenezedwa, n'kuiika m'kati mwa nyuzipepala, osaitsatiranso.

Chidawagwira pakamwa n'chiyani? Ku Boston owerenga ambiri adali Akatolika, atolankhani ambiri adakulira mu mpingo womwewo, apolisi ndi oweruza chimodzimodzi. Paja amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Munthu ukaganiza zomenya khoswe umaopa kuswa mkhate womwe umamweramo. N'zosadabwitsa kuti yemwe adalamula kuti nkhani ya Geoghan ifufuzidwe mozama adali mkonzi watsopano, Martin Baron, yemwe adafika mu 2001 kuchokera ku Miami, mlendo mu mzindamo komanso wosakhala Mkatolika.

Kukondera kwa mtundu umenewu n'kovuta kukuona chifukwa sikusiya chizindikiro pa pepala. Simungadule nkhani yomwe sidalembedwe n'kuimata pa bolodi kuti ophunzira aione.

Zomwe a mpingo adadandaula

Nkhani itabuka, akuluakulu ambiri a mpingo adaloza chala atolankhani. Kale mu 1992 Kadinala Law adaitanira mphamvu ya Mulungu pa atolankhani, makamaka a Globe. Mu 2002 Kadinala Óscar Rodríguez Maradiaga wa ku Honduras adafanizira zomwe nyuzipepala za ku America zinkachita ndi mazunzo a Nero, Hitler ndi Stalin. Chaka chomwecho Kadinala Joseph Ratzinger, yemwe adadzakhala Papa Benedict XVI, adati iyi ndi kampeni yokonzedwa, ndipo kuti ansembe olakwa safika ndi 1 yemwe pa 100. Patangopita chaka ndi miyezi, lipoti la John Jay lidati 4. Pa Pasaka wa 2010 Kadinala Angelo Sodano adatchula nkhanizi kuti ndi miseche chabe.

Mawu oterewa sitichedwa nawo, adagwa okha. Koma pali madandaulo ena omwe adabwera ndi anthu ofatsa, monga Philip Jenkins, katswiri wa mbiri yakale yemwe adalemba buku la Pedophiles and Priests mu 1996, ndi Peter Steinfels, yemwe kale ankalemba nkhani za chipembedzo ku New York Times. Amenewa tiwamvere bwinobwino, chifukwa m'madandaulo mwawomo ndi momwe muli luso lomwe tikufuna kuphunzira.

Tiyambe ndi nthawi. Lipoti la John Jay lidaonetsa kuti milandu idachuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1970, n'kuyamba kutsika m'ma 1980. Koma munthu wogwiriridwa ali mwana amatenga zaka zambiri, ena 30 ena kuposa, asadalimbe mtima kuulula. Ndiye nkhani imatuluka lero, chinthu chidachitika kalekale. Mu Ogasiti 2018 lipoti la boma la Pennsylvania lidatchula ansembe oposa 300 ndi ana oposa 1,000 m'madayosizi 6. Wongowerenga mutu wa nkhani akadaganiza kuti ansembe 300 agwidwa chaka chomwecho. Chonsecho lipotilo linkanena za zaka 70. Ambiri mwa ansembewo adali atamwalira, ndipo milandu yochepa kwambiri ndi yomwe idachitika malamulo atsopano a ku Dallas a 2002 atakhazikitsidwa. Steinfels adati atolankhani ambiri adangowerenga masamba oyambirira a lipoti la masamba oposa 800. Dandaulo limeneli lili ndi mutu. Mkonzi akasiya chaka pa mutu wa nkhani wasocheretsa owerenga, ngakhale sadaname. Komabe tisathamange: kwa munthu yemwe akuulula koyamba ali ndi zaka 55, nkhaniyo si yakale. Ndipo episkopi yemwe adabisa mu 1985 n'kukhalabe pa mpando mu 2018, nkhani yake ndi ya 2018.

Kenaka mawu. Apa tichedwepo pang'ono, poti ndife aphunzitsi a chiyankhulo. Nyuzipepala za Chingerezi zidakonda kutchula ansembewa ndi liwu lakuti pedophile, lomwe kwa madotolo limatanthauza munthu wolakalaka ana osatha msinkhu. Oteteza mpingo adati liwuli n'lokokomeza poti ambiri mwa ogwiriridwawo adali okulirapo. Tiyeni tione ziwerengero za John Jay: pafupifupi 22 mwa 100 adali a zaka 10 kutsika m'munsi, theka adali a zaka 11 mpaka 14, otsalawo 15 mpaka 17. Zaka 11 mpaka 14! Amenewotu ndi ana omwe mumawaphunzitsa m'makalasi akumapeto a pulayimale. Kunena kuti liwu la madotolo lidalakwika pena n'koona, koma sikupeputsa mlandu ngakhale pang'ono.

Nawo mpingo udali ndi mawu ake. Lipoti la Pennsylvania lidaonetsa kuti m'mafayilo a madayosizi sankalemba kuti wansembe wagwiririra mwana. Ankati wakhudza mosayenera, kapena wadumpha malire. Akamuchotsa pa parishi ankauza akhristu kuti wapita ku tchuthi chifukwa akudwala.

Tsono bwerani ku Chichewa chathuchi. Mudzaona nyuzipepala italemba kuti "bambo wina wamangidwa chifukwa chogonana ndi mwana wa zaka 12". Inu mumaphunzitsa misintho ya aneni. Mukudziwa kuti kachidutswa ka -ana kali mu msintho wochitirana: kumenyana, kukondana, kugwirizana. Liwu lakuti kugonana likuika mwanayo pa mphasa imodzi ndi wamkuluyo ngati kuti adapangana. "Adali pa chibwenzi ndi mwana wa sukulu" ndiye loipiratu. Nanga msintho wochitidwa? "Wansembeyo adasamutsidwa." Adasamutsidwa ndi yani? Chiganizo chimenechi chameza munthu wamphumphu, episkopi yemwe adasaina kalata. Ntchito yonse ya gulu la Spotlight tingati idali yobwezeretsa mwininkhani m'chiganizo chimenechi.

Ziwerengero nazo zimapusitsa. Mu Okutobala 2021 bungwe lotsogozedwa ndi Jean-Marc Sauvé lidati ku France ana 216,000 adachitiridwa nkhanzazi ndi ansembe ndi anthu ena a m'zipani za mpingo kuyambira 1950. Ku America lipoti lija lidati 10,667. Kodi ndiye kuti ansembe a ku France adali oipa kakhumi kawiri? Ayi. A John Jay adawerenga mayina omwe adali m'mafayilo a madayosizi, kutanthauza okhawo omwe adadandaula ndipo dandaulo lawo lidalembedwa. A Sauvé adafunsa anthu wamba pafupifupi 28,000, n'kuchulukitsa molingana ndi chiwerengero cha dziko lonse. Wina wawerenga matumba omwe afika mu nkhokwe, wina wayerekeza zokolola poona munda. Njira zonsezi n'zovomerezeka, koma mutu wa nkhani ukangoti "ana 216,000" osanena kuti n'choyerekeza, kapena "10,667" ngati kuti ndi onse, owerenga wasocheretsedwa, wina kumanzere wina kumanja.

Bwanji Akatolika okha?

Dandaulo lomwe limamveka kwambiri ndi ili, ndipo likutikhudza ife aphunzitsi mwachindunji. Mu 2004, chaka chomwecho cha John Jay, unduna wa zamaphunziro ku America udatulutsa lipoti la Charol Shakeshaft. Lidati pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 alionse amakumana ndi khalidwe lonyansa lokhudza kugonana kuchokera kwa wogwira ntchito pa sukulu asadamalize maphunziro ake. Mu 2007 a Associated Press adapeza aphunzitsi oposa 2,500 omwe adalandira chilango pa ziphaso zawo pakati pa 2001 ndi 2005 kaamba ka milandu yotereyi. Nkhanizi sizidakhalitse pa tsamba loyamba. Globe yokha idalemba nkhani pafupifupi 600 za ansembe mu 2002. Oteteza mpingo adafunsa kuti: ngati nkhawa yanu ndi ana, bwanji za m'sukulu mwangozidutsa?

Funsoli n'labwino, eti? Komabe lili ndi msampha. Chiwerengero cha Shakeshaft chidachokera pofunsa ophunzira pafupifupi 2,000, ndipo chidaphatikiza zonse, kuyambira mawu otukwana ndi kuonetsa zithunzi zolaula mpaka kugwiririra. Kuchiika pambali pa cha John Jay n'kuyeza thonje ndi mchere pa sikelo yosiyana. Komanso pali zifukwa zina, zosakhudza chidani, zomwe zidachititsa kuti Mpingo wa Katolika ulembedwe kwambiri. Mpingowu ndi umodzi dziko lonse lapansi, wokhala ndi mutu umodzi ku Rome, choncho mlandu wa ku Wisconsin ndi wa ku Munich umalumikizika kukhala nkhani imodzi. Sukulu za boma ku America zili m'maboma a maphunziro oposa 13,000, aliyense payekha. Mpingowu umasunga zikalata, ndipo malamulo ake amati dayosizi iliyonse ikhale ndi malo osungira zachinsinsi. Khoti likalamula, umboni umapezeka wosainidwa. Ndiye pali chija atolankhani amachikonda kulikonse: munthu wolalikira kudzisunga akagwidwa, nkhani imagulitsa nyuzipepala kuposa ya wina aliyense.

Mabungwe ena nthawi yawo idafika mochedwa. Mu 2019 Houston Chronicle idaulula atsogoleri pafupifupi 380 a mpingo wa Southern Baptist ndi anthu oposa 700 omwe adachitiridwa nkhanza. Bungwe la Boy Scouts of America litalengeza kuti lagwa pa chuma mu 2020, anthu oposa 80,000 adabwera ndi madandaulo. Ndipo nayi yomwe ndimafuna muisunge: BBC, yomwe idaulutsa zambiri za ansembe, mu 2011 idaimitsa kafukufuku wa atolankhani ake omwe pa Jimmy Savile, muulutsi wake wotchuka yemwe adagwiririra ana kwa zaka zambiri. Adaulula ndi a ITV mu 2012. Nyumba youlutsa mawu idachita zomwe adachita maepiskopi.

Kuweruza kwanga n'kwakuti kusiyana kwa kalembedweku kudalipo ndithu, koma mankhwala ake si kuchepetsa nkhani za ansembe. Yemwe amati "nanga aphunzitsi?" mumuyese ndi funso limodzi: akufuna kuti za aphunzitsi zifufuzidwe, kapena akufuna za ansembe zisiyidwe?

Pamene atolankhani adalakwadi

Pa 23 Meyi 2011 kanema wa boma la Ireland, RTÉ, adaulutsa pulogalamu ya Mission to Prey. Idati wansembe Kevin Reynolds, ali mmishonale ku Kenya, adagwiririra mtsikana wamng'ono n'kumupatsa mimba. Pulogalamu isadauluke, Reynolds adakana ndipo adadzipereka kuti amuyeze magazi aone ngati mwanayo ndi wake. A RTÉ sadadikire. Wansembeyo adachotsedwa pa parishi yake ku Galway. Magazi atayezedwa zidapezeka kuti mwanayo si wake. RTÉ idapepesa, idalipira chipukutamisozi, ndipo mu 2012 bungwe loyang'anira zoulutsa mawu lidailipitsa chindapusa cha ma euro 200,000.

Chidachitika n'chiyani? Kumbukirani kuti zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 2009, malipoti a Ryan ndi Murphy adali ataulula nkhanza zoopsa m'sukulu zoyendetsedwa ndi mpingo ndi mu dayosizi ya Dublin. RTÉ yomweyo ndi yomwe idatsekula maso a dziko mu 1999 ndi mapulogalamu a Mary Raftery. Atolankhani adali atazolowera kuti wansembe akakana ndiye kuti akunama, chifukwa kambirimbiri zidalidi choncho. Nsomba ikaola imodzi timati zonse zaola. Pa msika mwambiwu umathandiza, koma pa mlandu wa munthu umapha wosalakwa. Zofananako zidachitika mu 1993 pomwe Kadinala Joseph Bernardin wa ku Chicago adanenezedwa, ma kanema n'kuulutsa ponseponse, koma womunenezayo adabweza mawu ake mu 1994.

Milandu ina njovuta kuidula pakati. Kadinala George Pell wa ku Australia adapezeka wolakwa mu 2018, adakhala m'ndende kuposa chaka, kenaka mu Epulo 2020 oweruza onse 7 a khoti lalikulu adamumasula. Omutsatira adati atolankhani adamuweruziratu. Patangotha mwezi, bungwe lofufuza la boma lidatulutsa zomwe lidapeza, zakuti Pell adadziwa za nkhanza za ansembe ena kuyambira m'ma 1970 koma sadachitepo zokwanira, zomwe iye adakana. Nyuzipepala ina idakweza nkhani yoyambayo, ina yachiwiriyo. Wowerenga imodzi yokha adamva theka.

Chimodzimodzi mu Malichi 2010, New York Times italemba za Lawrence Murphy, wansembe yemwe adagwiririra anyamata osamva okwana mwina 200 pa sukulu ya ku Wisconsin pakati pa 1950 ndi 1974. Nkhaniyo idalunjika pa Papa Benedict, poti makalata a mlanduwu adapita ku ofesi yake mu 1996 ali kadinala, ndipo Murphy adamwalira mu 1998 akadali wansembe. A ku Vatican adati mlandu udafika ku Rome patadutsa zaka zoposa 20, apolisi ndi oimira boma pa milandu a kumeneko ataukana kale, komanso kuti zikalatazo nyuzipepala idazitenga kwa maloya omwe ankasumira mpingo. Zonsezo n'zoona, ndipo wowerenga ayenera kudziwa gwero la chikalata. Koma zikalatazo sizidali zabodza. Bungwe la Pew Research Center litawerenga nkhani za masabata amenewo lidapeza kuti zoposa theka zinkakamba za Papa. Anyamata osamva aja, omwe mu 1974 adachita kuima pa khomo la tchalitchi ku Milwaukee n'kumagawa timapepala kuti wina awamvere, adasanduka mawu a m'ndime yachisanu. Uku nakonso n'kukondera: kukondera munthu wotchuka, kaya pomutama kaya pomunyoza.

Chodabwitsa n'chakuti apapa omwe adasintha mawu. Mu Meyi 2010 Benedict adauza atolankhani m'ndege yopita ku Portugal kuti chizunzo chachikulu cha mpingo chikuchokera ku tchimo la m'kati mwake, osati kwa adani akunja. Papa Francis mu Januwale 2018 adati zomwe ankanenera episkopi Juan Barros wa ku Chile n'zomunamizira. Atolankhani ndi ogwiriridwa adalimbikira, ndipo mu Epulo adapepesa. Mu Disembala chaka chomwecho adathokoza poyera atolankhani omwe adaulula ogwiririra.

Nanga kuno kwathu?

Pali kukondera kwina komwe mbali zonse ziwiri ku America ndi ku Ulaya sizikutchula kawirikawiri: ndani amayenera tsamba loyamba? Mu 1994 Maura O'Donohue, sisitere yemwenso adali dotolo wogwira ntchito ya Edzi, adalembera Vatican lipoti la ansembe ogona asisitere mowakakamiza m'maiko 23, ambiri a mu Africa. Mwa zitsanzo zake mudali cha ku Malawi cha 1988, pomwe lipotilo lidati atsogoleri a chipani china cha asisitere adachotsedwa ndi episkopi atadandaula kuti asisitere 29 apatsidwa mimba ndi ansembe. National Catholic Reporter idatulutsa lipotili mu Malichi 2001. Mneneri wa Vatican adayankha kuti vutoli ndi la dera lochepa chabe, ndipo aliyense adamva kuti akunena Africa. Nkhaniyo idazilala msanga. Patapita miyezi 10 ya ku Boston idagwedeza dziko lonse. Zoonadi, ina inkakamba za amayi akuluakulu, ina za ana, koma dzifunseni ngati kusiyana kwake kudali kokhako. Papa Francis adadzavomereza poyera za asisitere mu Febuluwale 2019.

Chitsanzo china n'cha ku Anglican. John Smyth, loya wa ku Britain yemwe ankakwapula anyamata mwankhanza, adasamukira ku Zimbabwe mu 1984 akuluakulu ena a mpingo akudziwa, n'kumayendetsa misasa ya anyamata kumeneko. Adamwalira ku Cape Town mu 2018. Lipoti la 2024 lidati anyamata omwe adawazunza ku Africa adali ochuluka kuposa a ku Britain, koma mitu ya nkhani idali pa Justin Welby, mkulu wa mpingowo, yemwe adatula pansi udindo.

Kusowa kwa nkhani zotere m'nyuzipepala zathu musakuwerenge ngati umboni wakuti kuno kulibe. Kumbukirani zaka 17 za ku America zija. Kuno mkhate uja ndi waukulu kuposa wa ku Boston. Kalata ya maepiskopi a ku Malawi ya pa 8 Malichi 1992 ndi yomwe idatsekula njira ya zipani zambiri. Ku Zimbabwe bungwe la Akatolika la chilungamo ndi mtendere lidathandiza kuulula za kuphedwa kwa anthu ku Matabeleland mu lipoti la 1997. Sukulu ndi zipatala zambiri ndi za mishoni. Ulemu umenewu mpingo udaugwirira ntchito, ndipo mtolankhani, mkonzi, kholo ndi mfumu onse amauganizira asadatsekule pakamwa. Ndipo tisanamizane, aphunzitsi anzanga: m'mudzi mphunzitsi naye amakhala pa mkhate. Mphunzitsi akapereka mimba kwa mwana wa sukulu n'kungomusamutsira ku sukulu ina, chiganizo chake n'chomwe chija, "adasamutsidwa".

Ntchito yoti muchite

Ife a sukulu za kwacha timati munthu sadadziwe kuwerenga ngati sangafunse pepala mafunso. Pezani nkhani ziwiri za mlandu umodzi wogwiririra mwana, zochokera m'nyuzipepala kapena pa wailesi ziwiri zosiyana. Woganiziridwayo akhale wansembe, m'busa, shehe, mphunzitsi kapena wina aliyense waudindo. Pa nkhani iliyonse lembani chaka chomwe chinthucho chidachitika ndi chaka chomwe chalembedwa. Dulani mzere kunsi kwa mneni aliyense wa msintho wochitidwa, n'kulemba pambali yemwe wabisidwa. Werengani kuti ndi anthu angati omwe apatsidwa mpata woyankhula ndipo ali mbali iti. Onani ngati nkhaniyo ikusiyanitsa woganiziridwa, wozengedwa mlandu ndi wopezeka wolakwa. Pomaliza lembaninso mutu wa nkhaniyo m'mawu osaposa 12, m'njira yomwe mayi wa mwanayo ndi mayi wa woganiziridwayo onse angavomereze kuti sukunama. Tumizani kwa mlangizi wanu pamodzi ndi nkhani ziwirizo, mutafufuta dzina la mwana ndi la mudzi wake ngati nyuzipepala idalemba.

Mukafuna kuchita ntchitoyi ndi ophunzira a ku sekondale kapena akuluakulu a sukulu ya kwacha, sankhani nkhani yakutali, osati ya m'dera lanu, ndipo musalole kuti kalasi isanduke bwalo lonyozerana mipingo. Konzekeraninso kuti mwina wina adzatsalira anzake atatuluka n'kukuuzani zomwe zidamuchitikira. Mumvetsereni, musamufunse mafunso ngati wapolisi, musamulonjeze kuti zikhala pakati pa awirinu, ndipo musapite nokha kukafunsa yemwe watchulidwayo. Kanenani kwa apolisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana tsiku lomwelo, ngakhale mutauza kale mphunzitsi wamkulu. Ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa nambala yaulere yothandiza ana ndi 116.